Nkhoswe Amene Ankaopa Maloya

1

Dzina langa ndi Eulogia Callisaya, ndipo ngati munagulako shawelo ya ukwati pamsika waukulu wa mumzinda wa El Alto, n'kutheka kuti ndine ndinakukwezerani mtengo. Koma anthu sankandidziwa chifukwa cha mashawelo. Ankandidziwa monga madrina, nkhoswe wa mabanja. Ine ndi bambo wa pakhomo panga, Don Zenón Yujra, amene anthu ankamutcha padrino, tinaimira maukwati ochuluka moti ena ndimawakumbukira chifukwa cha nyama imene tinadya, nkhope za akwatiwo ndinaziiwala kalekale.

Kuno munthu sasankha nkhoswe mwachisawawa, chifukwa banja limatengera ankhoswe ake. Akakhala olongolola, nanunso muzigendana ndi mapoto. Akakhala amtendere, mudzakalamba limodzi. N'chifukwa chake makolo ankabwera kwathu ndi makireti a mowa ndi madengu a zipatso kudzatipempha kuti tiimire ana awo. Ndipo ndani akanawanena? Don Zenón sankalowa m'khitchini mwanga osagogoda. Ndikawapatsa msuzi ankathokoza ngati mlendo. Panalibe woyandikana nafe amene anatimvapo tikukwezerana mawu. Amayi anzanga kumsika ankandifunsa kuti bamboyu ndinamudyetsa chiyani, ine n'kungoseka, n'kumakonza chipewa changa.

Ntchito ya nkhoswe siithera pa tsiku la ukwati. Banja likagwedezeka ankathamangira kwa ife. Tinkawakhazika pansi, tonse n'kumatafuna masamba a koka, ine n'kukalipa mpaka kukhosi kuuma. Don Zenón ankavula lamba n'kumuika patebulo. Lambayo sanamenyepo munthu, koma ankadziwa kumuika mwa njira yoti mwamuna wandevu ayambe kumeza malovu. Pomaliza awiriwo ankagwada n'kupepesana, ife n'kuwawaza timapepala tamitundumitundu m'mutu, basi azipita kwawo. Pa mabanja onse amene tinaimira panalibe limene linakafika kukhoti, ndipo ndinkayenda nazo modzitama zimenezi.

2

Lachinayi lina, msika uli pakati, Nélida Apaza anafika pabenchi langa maso ali psuu. Nélida ndi mmodzi mwa ana amene tinawaimira. Amaluka majuzi, ndipo mwamuna wake Ovidio amaimba lipenga mu bandi, kulikonse kumene kuli chikondwerero iye ali komweko. Mtsikanayu anali atagwada kale m'nyumba mwanga kambirimbiri, ngakhale kuti wolakwa nthawi zonse ankakhala Ovidio.

"Madrina, ndatopa," anatero.

"Ndani sanatope? Khala apa. Ndikuitanire kaphala ka api?"

"Sindinabwerere phala. Mukuikumbukira shawelo yobiriwira ija munandipatsa pa ukwati?"

"Ndingaiiwale bwanji? Ndinachita kuibisira makasitomala."

"Loweruka ndinaiona ikuvina."

"Ikuvina yokha?"

"Ili pamapewa a mkazi wina, kumbuyo kwa bandi ya Ovidio. Ndinaidziwira pamene ndinasoka itang'ambika. Ndamufunsa, akuti mwina inauluka ndi mphepo pachingwe."

Mphepo ya kuno ndi yoipa, zimenezo sindikana. Inandiulutsirapo denga la benchi mpaka kwa ogulitsa matayala. Koma sindinaionepo ikunyamula shawelo n'kukamufunditsa munthu, n'kumumangira ndi pini yomwe.

"Ndiye ndikufuna loya, madrina."

Ndinayamba kupinda shawelo imene inali yopinda kale.

"Loya wa chiyani, mwanawe? Ife tilipo."

"Mwakhalapo nthawi zonse, mawondo angawa ndi mboni. Koma ulendo uno ndikuchoka. Vuto ndi amayi. Akuti ndikamusiya Ovidio popanda mawu anu, pakhomo pawo ndisapondepo, ine ndi mwana yemwe. Chipinda tikukhalacho n'cha makolo a Ovidio. Ndipita kuti? Mundiperekeze kwa loya, kenako mukalankhule ndi amayi. Inu akakumverani."

Ndinamuuza kuti andipatse mpata ndiganize. Kunena zoona ndikanamuperekeza kulikonse, kumanda, kupolisi, ngakhale kwa ozula mano, koma osati kwa maloya. Chifukwa chake ndikuuzani, musandithamangitse.

3

Nditaweruka ndinakwera masitepe kupita kuchipinda chapamwamba cha nyumba yathu, kumene Don Zenón amakonzera zipewa za amayi. Ndinagogoda.

"Lowani, Doña Eulogia."

Timaitanana choncho, ndipo anthu ankati umenewu ndi ulemu umene ukusowa masiku ano.

"Nélida akufuna loya," ndinatero.

Anapitiriza kupukuta chipewa ndi burashi. "Wachedwa. Mnyamata uja ine ndimamuikira lamba patebulo, iye maso ali pa msuzi."

"Akufuna ndimuperekeze."

"Muperekezeni."

"Ine? Mwaiwala kodi?"

"Sindinaiwale. Koma maloya ndi ochuluka kuposa maminibasi. Amene mukumuopayo ali kumunsi ku La Paz, pamene Nélida apita pa Ceja pompa, pakati pa El Alto. Mukakumana naye bwanji?"

"Nanga banja lake likatha anthu adzati chiyani za ife?"

"Adzati Ovidio ndi mbuzi. Akunena kale."

Bamboyu zinthu amaziona mophweka, n'chifukwa chake amanenepa. Ine tulo tinandivuta sabata yonse.

4

Ofesiyo inali pamwamba pa sitolo yojambula mapepala, ofesi yothandiza amayi pa nkhani za mabanja. Pabenchi panali amayi ambiri, wina ndi mwana kumsana, wina ndi diso lotupa, wina akuluka ngati ali pakhonde pake. Ndinatsitsa chipewa mpaka m'nsidze, shawelo n'kuikweza mpaka pamphuno. Nélida anandiyang'ana modabwa, ndinamuuza kuti ndili ndi chimfine.

Nthawi yathu itakwana tinalowa. Kuseri kwa tebulo kunali mayi wamagalasi, imvi zitayamba kumutuluka.

"A loya, awa ndi madrina anga, Doña Eulogia," anatero Nélida.

Mayiyo anadzutsa mutu, ine n'kumuzindikira nthawi yomweyo. Anali Arminda Chuquimia, loya yemwe uja amene ndinkamuopa. Anali atakula, koma mpata wa m'mano unali womwe uja. Mwa maloya onse ochuluka kuposa maminibasi aja, amene anaganiza zosamukira kumtunda kuno anali iyeyu basi.

"Tinaonanapo, mayi?" anandifunsa.

"Ayi," ndinayankhira m'shawelo. "Nkhope yangayi ndi ya anthu ambiri."

"N'kutheka. Masulani shawelo, muno mukutentha."

"Ndili ndi chimfine."

"Pepani. Chikuoneka kuti n'chachikulu."

Anatembenukira kwa Nélida n'kumumvetsera mpaka kumapeto osamudula. Pa nkhani ya mphepo milomo yake inanjenjemera pang'ono, koma sanaseke. Kenako anamufotokozera bwinobwino kuti safunika kumugwira Ovidio ndi mkazi wina kuti khoti limumvere, kuti mwana wamng'ono ngati wakeyo woweruza amayang'ana kumene akasamalike, ndiponso kuti bambo ayenera kuthandiza mwana wake, kaya akuimba lipenga kaya akuimba mluzu.

"Nanga ankhoswe akakana?" anafunsa Nélida.

"Lamulo silifunsa ankhoswe, mwana wanga. Mmodzi akanena kuti banja latha, khoti limamva."

"Lamulo silifunsa, koma amayi anga amafunsa. Ndilibe kwina kopita."

Loyayo anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Ndiye nkhaniyi ili m'manja mwa madrina ako. Ine kukhoti ndingakuimire, koma pakhomo pa amayi ako sindingakutsegulire."

Potuluka, Nélida ali kale pamasitepe, mayiyo anandigwira mkono n'kunong'ona.

"Mwanenepa, Doña Eulogia. Zikukuyanjani."

"Simukundidziwa inu."

"Ndithu sindikudziwani," anatero. "Theka la ntchito yanga ndi kusadziwa anthu."

Ndinatsika masitepewo kumutsatira Nélida. Sanaulule kanthu, ndipo n'zimene zinandipweteka kwambiri, chifukwa anandisiyira ine ndekha mtolo wonse.

5

Mukuganiza kuti ndinapita kwa amayi a Nélida kukamulankhulira? Ayi. Ndinachita zimene ndinazolowera: ndinaitanitsa bwalo. Ndinadziuza kuti tiyese komaliza, mwina Ovidio asintha, mwina mphepo ibweza shawelo. Zoona zake n'zakuti ndinali ndi mantha. Ndinkadziwa kuti banja limodzi likangotha, anthu ayamba kufunsa kuti tsokalo lachokera kuti, ndipo anthu a kuno akayamba kufunsa sasiyira panjira.

Lamlungu masana anasonkhana pabalaza panga. Doña Brígida, amayi a Nélida, amene timaitanana kuti comadre chifukwa cha ukwati womwewu, anakhala pampando waukulu atakumbatira chikwama. Ovidio anabwera ndi kireti ya mowa, tsitsi atalipaka mafuta, nkhope ataikonza kale kuti ioneke yolapa. Nélida anakhala pakona. Nditalowa anandiyang'ana ndi chiyembekezo, akuganiza kuti ndaitana anthuwa kuti ndimumasule.

Tinatafuna koka, tinathira mowa pang'ono pansi monga mwa mwambo. Don Zenón anavula lamba n'kumuika patebulo.

"Padrino, madrina, ndalakwa," anayamba Ovidio asanafunsidwe n'komwe. "Ntchito yathuyi ndi ya mayesero. Munthu umangoimba lipenga, osadziwa amene akuvina kumbuyo kwako."

"Shawelo inafika bwanji kumbuyoko?" anafunsa Don Zenón.

"Imeneyo ndiye ikundidabwitsa nanenso, padrino."

Ndinakalipa monga mwa nthawi zonse, koma mawu anga ankamveka ngati a munthu wina. Nditafika ponena kuti banja ndi kukhululukirana, ndinaona nkhope ya Nélida ikugwa. Anazindikira kuti sindinamuitanire ufulu.

Pamenepo Doña Brígida anatenga nkhani.

"Wamva, iwe? Maloya, maloya. Loya anakwatirapo iwe? Taona madrina akowa. Ukuganiza kuti padrino wako anabadwa mngelo? Mwamuna aliyense amayamba ali mbuzi. Koma comadre anapirira, ndipo lero taona, bambo akugogoda pakhitchini, akuthokoza msuzi. Zimenezi sizigulidwa kwa loya, zimabwera ndi kupirira. Dzuka apo ugwade, tizipita kusanade."

Ovidio anali atagwada kale, ndipo ankadziwa ngakhale mbali ya mkeka imene ili yofewa. Nélida anaimirira. Anandiyang'ana kamodzi, osati mokwiya, koma ngati munthu amene wasiya kuyembekezera. Anagwira siketi yake mbali zonse n'kuyamba kutsika.

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire.

"Usagwade," ndinatero.

Onse anandiyang'ana.

"Usagwade, Nélida. Comadre, ine sindinapirire. Ine ndi Don Zenón tinasudzulana kukhoti kalekale, mwana wanuyu asanadziwe n'komwe kuti kunja kuno kuli Ovidio."

6

Doña Brígida anatembenukira kwa Don Zenón.

"Compadre, akuseka eti?"

Don Zenón anatenga lamba patebulo n'kuyamba kumuvala mosafulumira. "Sakuseka. Ndimagogoda chifukwa si khitchini yanga. Msuzi ndimathokoza chifukwa ndi wa eni ake."

Tsono ndikuuzeni mmene zinakhalira. Ine ndi bamboyu tili pabanja tinkakangana pa chilichonse, mchere, wailesi, zenera, ngakhale dzina la galu. Tinkakanganira pansipansi, mano titaluma, kuopa oyandikana nafe, ndipo mkangano wonong'ona ndi wotopetsa kuposa wokuwa. Bamboyu ankamwa kuti asandimve, ine ndinkalankhula kwambiri kuti andimve. Titatopa tinatsikira ku La Paz, kutali ndi otidziwa, n'kupeza kamtsikana kongotuluka kumene kusukulu ya malamulo, ka mpata m'mano. Anatithandiza mwakachetechete mpaka zonse zinatha.

Tsiku limene tinachoka kukhoti tinakwera minibasi imodzi, titagwirizana kuti tikafika tikauze anthu. Tikufika pakhomo tinapeza banja lina likutidikira ndi makireti, madengu ndi bandi yomwe, kudzatipempha kuti tiimire mwana wawo. Anthu atagwada, malipenga akulira, ungayambe bwanji kunena kuti pepani, tangosudzulana kumene? Tinati tiimire okhawa basi. Don Zenón anasamukira kuchipinda chapamwamba poyembekeza kupeza nyumba, ndipo mpaka lero akuifunabe. Chodabwitsa n'chakuti titangosiyana tinayamba kugwirizana. Anthu ataona mtendere umenewo anayamba kubwera ambiri, ife n'kumangoti okhawa basi.

Zonsezi ndinazinena pamaso pawo. Doña Brígida anaimirira chikwama chili m'manja.

"Ndiye n'chifukwa chake. Munamuimira mwana wanga muli ndi tsoka m'thumba. Banja likanalimba bwanji ankhoswe ake ali osudzulana?"

Ovidio, adakali chogwada, nkhope yake inawala. "Ndimadabwatu ine, amayi. Ndimati chikundikoka n'chiyani? Munthune ndine wabwinobwino. Ndiye kuti si ine ayi, ndi ankhoswe."

Don Zenón anayambanso kumasula lamba. Ovidio anatseka pakamwa.

Ndinafuna kumuyankha Doña Brígida kuti tsoka la mwana wake lili apo lagwada ndi mafuta m'mutu. Pakamwa ndili napo, funsani pamsika. Koma ndinaona khomo limene mkwiyo wake unatsegula, ndipo ndinalowera pomwepo.

"Mwanena zoona, comadre," ndinatero. "Tsoka ndi lathu. Mwanayu sanalakwe, banja lake linamangidwa pa ankhoswe abodza. Aliyense wokufunsani mumuuze choncho, ine sindidzakana. Mutengeni apite kwanu."

Doña Brígida anaganiza pang'ono. Kulandira mwana wothawa banja chinali chamanyazi kwa iye, koma kupulumutsa mwana ku tsoka la anthu ena ndi ntchito imene mayi aliyense amaigwira monyadira. Anamugwira Nélida padzanja.

"Tiye, mwana wanga. Tikatenge mdzukulu wanga ndi makina ako olukira. M'nyumba muno usadzapondemonso."

Anatuluka osatsanzika. Ovidio anadzuka, anasasa mawondo, n'kufunsa ngati angatenge kireti yake.

7

Nkhani inafika pamsika ine ndisanafike. Lachinayi lotsatira amayi ankadutsa pabenchi langa atayang'ana kumbali, ndipo amene ankandifunsa kale kuti bambo ndinamudyetsa chiyani anayamba kunena kuti iwo ankakayikira kuyambira kale. Mwamuna aliyense wa mabanja athu amene anagonapo kunja anapeza pothawira, tsoka la madrina. Mashawelo a ukwati sagulanso kwa ine. Ndimagulitsa a maliro ndi ovinira, ndipo akuyenda bwino ndithu, chifukwa anthu sasiya kumwalira ndi kuvina. Don Zenón ndiye zinawakomera, akazi amasiye angapo azindikira mwadzidzidzi kuti zipewa zawo zikufunika kukonzedwa.

Inu owerenga, mwina mukuti ndinachita bwino, ndinataya dzina langa kuti mwana wa eni apeze pogona. Nanenso ndinkadziuza choncho, ndipo ndinkamva kukoma. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi, makamaka inu amene mumakhazika pansi mabanja a ana a anzanu. Musanauze munthu kuti apirire, yambani mwamuuza zimene inuyo munachita nthawi yanu itafika. Ine ndinali ndi njira m'manja, ndinkaidziwa kuti ndi yabwino, koma ndinaibisa kwa anthu amene ankaifuna kuposa ine.

Mlandu wa Nélida sunavute. Arminda Chuquimia anamuimira, woweruza anapereka mwana kwa amayi ake, ndipo Ovidio analamulidwa kuti azithandiza mwezi ndi mwezi. Tsiku lomaliza ndinapita nawo kukhoti nkhope ili poyera. Loyayo anandipatsa moni mokweza n'kundifunsa ngati chimfine chinatha.

Titatuluka tinaima pamsewu kudikira minibasi, ine, Nélida ndi kamwana kake. Ndinkayembekezera kuti andithokoza, ndipo ndinali nditakonza kale mawu okana kuthokozedwa. Anakonza chipewa cha mwanayo, kenako anandiyang'ana.

"Madrina, ndikufunseni?"

"Funsa, mwana wanga."

"Nthawi zonse zija munkandiuza kuti ndigwade, inuyo munali mutadzuka kale?"

Ndinatsegula pakamwa, ine amene sindinasowepo mawu pamsika wonse wa El Alto, koma sipanatuluke kanthu. Anandidikira pang'ono ndithu. Kenako minibasi inafika, ananyamula mwana wake n'kukwera.